Inki ya pachala ndinadzipaka ndekha

Khadi lija litabwera pa positi, akamwini anga ndi amene anatsegula envulopu, chifukwa m'nyumba ino ya ku Hamilton, ku Canada, kalata iliyonse imayamba yadutsa m'manja mwawo. Analiika patebulo n'kuuza mkazi wawo, yemwe ndi mwana wanga wachiwiri, kuti andiuze kuti boma landilemba m'kaundula wa ovota. Ine ndinali pomwepo ndikusadzula nkhwani, koma ndi mmene timayankhulirana. Mawu a akamwini amadzera mwa mwana wanga, anganso amabwerera njira yomweyo. Kwathu ku Dedza mkamwini ndi apongozi sapenyana m'maso, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kuno tchire lopatukirako kulibe, kolido yam'nyumba ndi yopapatiza ngati mpita wa mbewa, ndiye aliyense amangolozetsa nkhope kukhoma n'kudutsana.

Sukulu sindinapiteko ngakhale tsiku limodzi. Unzika wa dziko lino ndinaulandira nditakhala zaka zingapo. Anati pamsinkhu wangawu mayeso sandikhudza, ndingokweza dzanja n'kulumbira. Ndinakweza, ndinatsatira mawu awo achingerezi ngati mwana wa m'kalasi ya ubatizo, basi ndinakhala mwini dziko. Tsono ichi chinali chisankho changa choyamba kuno, cha mzinda: meya, khansala wa dera lathu, ndi wina woyang'anira za masukulu.

Kuvota sindinakuphunzirire ku Canada. Chaka chija tinkasankha pakati pa nyali ndi tambala, anatipatsa timapepala tiwiri, kena kojambulidwa nyali, kena tambala. Malemu amuna anga, amene anali munthu wamantha pa zaboma, anandilangiza njira yonse kuti ndiponye tambala, poti boma lili ndi maso ngakhale m'bokosi. Ndinavomera njira yonse. Nditalowa mokamo ndinaponya nyali, n'kutuluka nkhope ili phee. Anamwalira asakudziwa. Zisankho zonse zotsatira ndinavota, ndipo papepala pankakhala nkhope ya munthu ndi chizindikiro cha chipani chake, moti wosawerenga sankasochera, ankangodinda chala. Ukamaliza ankakuviika chala mu inki, ndipo mlungu wonse unkayenda mudzi wonse ukudziwa kuti iwe unanena zako.

Ndiye mwana wanga atandiuza kuti pachisankho cha mzinda kuno kulibe zipani papepala, kulibe nkhope, kulibe chizindikiro, koma mayina okhaokha ondandalikidwa ngati nyerere, ndinaleka kusadzula.

"Musadandaule amayi," anatero. "Lamulo limalola kuti wina akuthandizeni. Abambo akuno akakuhelupani, akalowa nanu n'kukuchongerani."

Thandizo limenelo sindinalilandire. Kuti mumve chifukwa chake, ndiyambe ndakuuzani za munda.

Kuseri kwa bwalo la mpira, ulendo wa masiteji anayi pa basi, kuli malo a mzinda amene anawagawa timinda ting'onoting'ono. Kanga n'kochepa, mphasa zitatu zingakaphimbe. Anandipezera ndi mnzanga wa ku Chipata, mayi amene wagwira ntchito yosamalira okalamba kuno kwa zaka zambiri ndipo Chingerezi amachilankhula ngati anayamwira. Wake uli moyandikana ndi wanga. Mmenemo ndimadzala maungu chifukwa cha nkhwani, bonongwe, mpiru, nyemba ndi mapesi angapo a chimanga choti ndiziwotcha. Anzathu ena amadzala pansi posalala, koma ine ndimaunda mizere ngati kwathu, moti poyamba azungu ankaima n'kumajambula. Chirimwe cha kuno n'chachifupi, koma m'miyezi imeneyo ndimakhala munthu. M'nyumba chilichonse n'cha akamwini, kuyambira bedi mpaka supuni. Iwowo si munthu woipa ayi. Anandiitanitsa kumudzi, anandigulira jasi lotentha, sanandiwerengerepo chakudya. Koma kwathu mkamwini ndi amene amabwera kudzamanga pakhomo pa apongozi n'kumalima munda wawo. Kuno zinatembenuka, ine ndi amene ndili pachikamwini. Malo okhawo amene palibe wondiuza zochita ndi pakati pa mizere ija.

Mnzanga uja ndi amene anandibweretsera nkhani. Anati mwa anthu ofuna ukhansala wa dera lathu, mmodzi, bambo wamashopu, akunena m'mapepala ake kuti malo a timinda aja akungowonongeka, pakufunika pothiridwe phula pakhale poimika magalimoto a anthu obwera ku mpira ndi kumashopu. Atandionetsa chithunzi chake ndinamuzindikira. Nkhope yomweyo inali pachikwangwani chimene akamwini anazika pakapinga kutsogolo kwa nyumba yathu, ndipo ndinkaidutsa m'mawa uliwonse ikundisekerera.

Bamboyo anabweranso kumapemphero athu, kumene a Malawi ndi a ku Zambia timakumana Lamlungu masana m'holo ya tchalitchi china. Akamwini ndi amene anamubweretsa. Anavala malaya a chitenje, anaima kutsogolo n'kunena kuti "Muli bwanji," ndipo anthu anawomba m'manja ngati wachiritsa wolumala. Anadya mandasi awiri. Analonjeza kuti msonkho wa nyumba sudzakwera, ndipo amuna onse okhala ndi nyumba anagwedeza mitu nthawi imodzi ngati abuluzi padzuwa. Pomaliza mkulu wampingo wina anati ife ndife ochepa kuno, tiyenera kuponya voti yathu pamodzi kuti timveke. Ine ndinanong'oneza mnzanga kuti ngakhale mbuzi zimayendera pamodzi popita kokaphedwa. Anaseka mpaka anadzitseka pakamwa ndi mpango.

Kwathu mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, sitimvera zimene akunena pabwalo, chifukwa pabwalo aliyense ndi wolimbikira ntchito ndipo samwa mowa. Timamutengera kumunda n'kuona mmene akuyendera. Ndinauza mnzanga kuti aimbire foni onse ofuna ukhansala, awauze kuti agogo ena akuwaitana kumunda Loweruka. Anati, "Amai, imwe mufuna kuwachita intavyu?" Ndinati iwowo ndi amene akufunsira, ine ndine mwini mbeta.

Anabwera awiri. Bambo wa akamwini uja anafika ndi munthu womujambula. Anali waulemu, anandigwira chanza ndi manja awiri, anayamikira chimanga changa. Kenaka wojambulayo anati dzuwa lili bwino mbali inayo, ndiye bamboyo anangodutsa pakati pa munda, nsapato yake n'kutera pamwamba pa mzere, inayo pa mtsitsi wa dzungu. Ndinamva kuti tswa. Iye sanamve, sanayang'anenso pansi. Mnzanga atamufunsa za phula, anayankha nthawi yaitali, manja akuuluka, ndipo pomasulira mnzangayo anangoti, "Akuti adzaona."

Wachiwiri anali mayi wamfupi, wa tsitsi la imvi, amene anabwera yekha pa basi. Anaima m'mphepete n'kufunsa poti apondepo. Anayenda m'khwawa mwa mizere chammbali ngati nkhanu, atanyamula chikwama chake m'mwamba kuti chisakhudze nyemba. Anafunsa chifukwa chake ndimathyola masamba a maungu, ndinamuonetsa kusadzula, anayesa n'kulephera. Pa za phula anayankha mwachidule. Anati khansala ndi mmodzi pakati pa ambiri, sangalonjeze kuti munda udzapulumuka, koma nkhaniyo ikadzabwera iye adzakana, ndipo adzatiuza tsiku lake kuti tikakhalepo. Anawonjeza kuti pa msonkho sanganame, mwina udzakwera ndithu.

Atapita ndinamanga mtsitsi wothyoka uja ndi kansalu, ngakhale ndinkadziwa kuti sugwiranso. Mtima wanga unali utasankha kale.

Kutatsala masiku ochepa, nkhani ya wondithandiza inabweranso kukhitchini. Akamwini anaima pakhomo, nkhope atalozetsa kufiriji, n'kuuza mkazi wawo kuti andiuze kuti Lolemba, tsiku lachisankho, adzaweruka msanga, tidzapitira limodzi pagalimoto, ndipo adzalowa nane kuseri kwa kachikatoni kobisalirako pochonga voti kuti asandichedwetse. Anati dzina la munthu wathu akulidziwa, ine ndisavutike.

Ndinafunsa mwana wanga kukula kwake kwa malo obisalirawo. Anatambasula manja pang'ono, anati ngati pa sinki apa.

"Tawafunsa abambo akuno," ndinatero, maso anga ali pa mpeni, "ngati kwawo ku Ntcheu mkamwini amapanikizana ndi apongozi ake pakona, mapewa kugundana, mpweya kupumirana. Ngati amatero, andiuze, ndikafotokozere akuluakulu kumudzi kuti mwambo unasintha."

Kunja kunkazizira, koma ndinaona thukuta pakhosi pa akamwini. Anatsokomola, anati sanaganize mbali imeneyo, n'kubwerera kuchipinda chochezera. Zaka zonsezi mwambo umenewu unkandipanikiza kukhoma m'kolido. Tsiku limenelo unandigwirira ntchito.

Koma mwana wanga ndi mwana wanga, nzeru zake anayamwa kwa ine. Anati chabwino, ndiye alowa nane ndi iyeyo, asinthana shifiti ndi mnzake kuchipatala.

Ndinamufunsa kuti ndikadzamuuza dzina lina, osati la pachikwangwani, adzachonga liti. Anayamba kulankhula mwachangu, Chichewa ndi Chingerezi kuphatikiza ngati mmene amachitira akakwiya. Anati ndikufuna kuchititsa manyazi amuna ake, amene ayenda khomo ndi khomo kukampenera munthu ameneyu. Anati msonkho ukakwera wolipira si ine. Anati voti imodzi siisintha kanthu, nanga ndikuumiriranji.

"Ngati siisintha kanthu, mukuifuniranji?"

"Amayi, mukakonfyuzika. Pepala lake ndi lalitali, simungathe."

"Ndinakubereka ndekha m'nyumba ya udzu, mvula ikugwa, azamba ali kutsidya kwa mtsinje. Pepala ndiye lindikanike?"

Sindinkamuganizira kuti angandibere dala. Koma ndinkadziwa kuti akadzaima pakati pa mayi ake ndi mwamuna wake, cholembera chili m'manja, ine sindidzadziwa kumene chagwera. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Mnzanga wa ku Chipata naye anadzipereka kuti alowe nane, ndinamukananso. Kukana mwana wako n'kutenga mlendo n'kumuvula pagulu. Ndinati ndilowa ndekha.

Mnzangayo anandithandiza mwa njira ina. Anapeza mndandanda wa mayina monga mmene adzakhalire papepala, n'kundiuza kuti pali magulu atatu, ndipo la makhansala ndi lapakati. Dzina la mayi uja linali lachinayi kuchokera pamwamba. Ndinatenga ulusi wa thumba la ufa n'kumanga mfundo zinayi, monga tinkawerengera miyezi ya pakati kalelo. Kenaka anadula dzinalo ndi sizasi pa mndandandawo, kakapepala kotalika ngati chala, kuti ndikakayerekeze. Masiku atatu ndinkakhala pa benchi ya kumunda ndikukayang'ana mpaka ndinakaloweza ngati maluwa a chitenje: kutsogolo kuli ngati makwerero, kenaka kozungulira ngati kamwa la mtsuko, kumapeto kuli ngati mpini wa khasu. Anandiuzanso kuti magulu enawo ndikhoza kuwasiya osachonga, voti siiwonongeka. Ndinasangalala, chifukwa ofuna umeya ndi a zamasukuluwo sindinawaonepo ndi mmodzi yemwe. Mwana sumukwatitsa kwa mwamuna amene wangomumvera mbiri.

Lolemba m'mawa, onse atapita kuntchito, ndinavala jasi langa, chitenje pamwamba pake, khadi ndi chitupa m'chikwama, ulusi ndi kakapepala m'golovesi. Malo ovotera anali holo ya sukulu, kuseri kwa msewu wathu, ndipo ndinayenda wapansi masamba ouma akulira kumapazi. Podutsa pakapinga ndinaipatsa moni nkhope ya pachikwangwani ija. Sindinadane naye munthuyo, anangondipondera dzungu.

Patebulo panali mayi wina wachikulire wa magalasi. Ndinapereka khadi ndi chitupa, anayang'ana pa makina ake, anandipatsa pepala m'chikuto ndi cholembera chakuda. Anandifunsa kanthu, ndipo mwa mawu onsewo ndinatolapo limodzi lija la kuhelupa. Ndinapukusa mutu n'kudziloza pachifuwa.

Kuseri kwa kachikatoni ndinatulutsa pepala. Mwana wanga sananame, linali lalitali. Mayina anali ang'onoang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, mizere yothinana, ndipo maso anga anayamba kuwasakaniza ngati mapira otayikira pamchenga. Ndinamva anthu akulowa m'mbali mwanga, kuchonga, kutuluka, ena kulowa. Ine ndili chiimire. Mumtima munabwera mawu akuti bwerera, ukadikire madzulo akulowetse mwana wako, palibe adzakuseke. Ndinawayankha kuti wondiseka alipo, ndi ineyo.

Ndinavula golovesi. Ndinaika pepala patebulo n'kulisalaza ngati nsalu yoti ndidule. Ndinapeza pamene gulu loyamba lathera, chifukwa panali mpata ndi mzere wakuda. Gulu lapakati ndi ili. Chala chakumanzere pa ulusi, chakumanja papepala, mfundo imodzi, dzina limodzi. Yachiwiri. Yachitatu. Pa yachinayi ndinaima, n'kugoneka kakapepala kanga pansi pa dzinalo. Makwerero analipo. Kamwa la mtsuko linalipo. Mpini wa khasu unali kumapeto, pamalo pake. Ndinabwereza kuwerenga kawiri, kuchokera pamwamba, poopa kuti mtima ungandinamize.

Mayi wa magalasi uja anafika chapatali pang'ono, osasuzumira, n'kufunsanso mofatsa. Ndinakweza dzanja osatembenuka, monga umachitira ndi munthu wofuna kukulankhula ukuthira mchere m'ndiwo. Anabwerera.

Pambali pa dzinalo panali kadzira kopanda kanthu. Ndinagwira cholembera ngati mmene ndimagwirira singano, n'kukadetsa pang'onopang'ono mpaka kanada bii, osatulukira kunja. Chinthu choyamba chimene ndinalembapo papepala la boma ndi dzanja langa, popanda wondigwira mkono, ndi kadzira kameneko.

Ndinabweza pepala m'chikuto n'kupita nalo kwa bambo woyang'anira makina. Makinawo analimeza, n'kulira pang'ono. Ndiye ine, mwachizolowezi, ndinatambasula chala changa chamkombaphala kudikira inki. Bamboyo anayang'ana chalacho, anandiyang'ana ine, kenaka anachigwira n'kuchigwedeza ngati moni. Ndinazindikira kuti kuno inki kulibe. Munthu umavota n'kutuluka ngati sunachite kanthu. Cholembera chija chinali chidakali m'dzanja langa. Ndisanachibweze ndinadetsa chikhadabo changa chonse iye akuona, ndipo anaseka n'kundilozera khomo lotulukira mwaulemu.

Madzulo akamwini anafika msanga monga ananenera, makiyi a galimoto ali m'manja, n'kuuza mkazi wawo kuti andiuze ndikonzeke. Ine ndinali patebulo ndikusankha nyemba. Ndinangoika dzanja pamwamba pa lichero, chikhadabo chakuda chikuonekera. Iwowo anakulira ku Malawi, chizindikirocho amachidziwa. Mwana wanga anafunsa kuti ndapita ndi yani. Ndinati ndi miyendo yanga. Anafunsa kuti ndachonga yani.

"Abambo ako anamwalira asakudziwa za nyali," ndinatero. "Koma iwe ndikuuza, poti ndakalamba ndipo kubisa kwanditopetsa. Ndavotera mayi amene anafunsa poponda."

M'mawa mwake ndinamva kuchokera kuchipinda kwanga akamwini akuimba mluzu m'bafa, ndipo ndinadziwiratu. Munthu wawo anapambana. Mwana wanga anabwera kudzandiuza mosamala ngati akunena za maliro. Ndinamuuza kuti asandipepese, sindinaluze kanthu. Voti yanga ili m'mimba mwa makina aja, inawerengedwa, ndipo palibe angaisandutse ya wina.

Kenaka ndinamutuma kwa amuna ake. Ndinati awauze kuti ndawayamikira, munthu wawo wadutsa. Awauzenso kuti popeza khansala watsopanoyu anadya mandasi athu ndipo nambala yake ili m'foni mwawo, tsiku limene nkhani ya phula idzakambidwe ndikufuna kudzalidziwa, chifukwa ine ndi mnzanga tikakhala pampando wakutsogolo, ndipo ndikanyamula dzungu lija linafota kuti akalione. Khansala ndi wa onse, ngakhale ife amene tinamukana. Pomaliza ndinati Loweruka ndikufuna matumba awiri a manyowa kumunda, ndipo pa basi sindingawanyamule.

Kuno adyo amadzalidwa kuzizira kukamayamba. Amagona pansi pa sinowo miyezi yonseyo, n'kudzakololedwa chirimwe chinacho. Wodzala adyo ndiye kuti akunena kuti chaka chamawa adzakhala pomwepo. Mnzanga anandifunsa ngati si kutaya mbewu, poti mwina pofika nthawiyo pamwamba pake padzakhala pataima galimoto. Ndinati akadzabwera ndi phula lawo adzandipeze ndili ndi mbewu m'nthaka, adzachite kundizula.

Loweruka akamwini anabwera nawo manyowa. Anaimika galimoto kumsewu, anasenza thumba paphewa atavala nsapato zawo za kuofesi. Atafika m'mphepete mwa munda anaima, nkhope atalozetsa kubwalo la mpira. Mkazi wawo panalibe woti apereke mawu, ndiye anafunsa mphepo kuti apondepo pati. Ndinaloza ndi khasu m'khwawa mwa mzere, ndipo anadutsa mmenemo chammbali, thumba lili paphewa.